Makina osemera zitsulo: woyamba kumene agule akulu bwanji?

Mukatchula mawu oti milling machine pamsika wa Ndirande kapena ku Mchesi, anthu ambiri aganiza kuti mukunena chigayo. Sitingawadzudzule ayi, poti m'dziko muno chogaya chomwe tonse tidakula tikuchidziwa n'cha chimanga basi. Koma nkhani yathu lero si ya ufa. Tikunena makina ena aja osemera zitsulo, omwe mwini chigayo amakawagwadira tsiku lomwe shafiti yake yathyoka.

Kwa amene sadawaonepo, kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere. Pa makina a lathe, chitsulo ndicho chimazungulira ndipo mpeni umachisenda chili kuzungulira choncho. Pa makina a milling zinthu n'zotembenuza. Mpeni ndiwo umazungulira, chitsulo chamangidwa nganganga patebulo, ndipo tebulolo mmisiri amaliyendetsa ndi zogwirira, kumanja, kumanzere, kutsogolo, kumbuyo. Motero amatha kusalaza chitsulo, kukumba ngalande ya kiyi pa shafiti, kuboola mabowo pamalo enieni osaphonya, ngakhale kudula mano a giya ngati ali ndi zida zake.

Makinawa si adzulo kapena adzana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, Joseph R. Brown wa kampani ya Brown & Sharpe mumzinda wa Providence ku America adapanga ena otha kusema ngalande zopotana za pa zoboolera. Kenaka mu 1938 kampani ina ya mumzinda wa Bridgeport, ku America komweko, idatulutsa mtundu womwe udatchuka dziko lonse, mwakuti mpaka lero amisiri akaona makina a maonekedwe amenewo amangoti Bridgeport, ngakhale atapangidwa ku Taiwan kapena ku China.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Abale, aliyense wochita malonda m'tauni akudziwa mmene mitengo ya zipangizo zochokera kunja yakwerera. Mu Novembala 2023 mokha, ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kachitsulo komwe kale munthu ankangokagula m'sitolo, lero amayamba wafunsa ngati kulibe mmisiri woti angakaseme konkuno. Apa ndiye pali mwayi wa achinyamata omwe aphunzira ntchito za zitsulo ku Lilongwe Technical College, ku Nasawa, ku MUBAS yomwe tinkaitcha Polytechnic ija, ndi ena omwe adutsa m'maphunziro a TEVETA chiyikhazikitsire mu 1999.

Komatu mwayiwu uli ndi msampha wake. Makinawa si njinga yoti ikakukanika ugulitsa mawa lomweli. Ndalama yogulira imachokera ku ngongole ya banki m'khonde, kapena kwa mchimwene yemwe akuvutika ndi ntchito ku Johannesburg, kapena bambo agulitsa ng'ombe ziwiri kumudzi. Ukalakwitsa kukula kwake, ndalama ija yakhala pansi ngati mwala. Ena amagula kakang'ono chifukwa chotchipa, n'kupeza kuti ntchito iliyonse yomwe kasitomala wabweretsa siikwana patebulo. Ena amagula chimphona chifukwa chofuna kutchuka, n'kupeza kuti sichilowa pakhomo ndipo magetsi a m'nyumba sangachidzutse. Onse awiriwa kulira kwake n'kumodzi.

Magulu atatu

Makina omwe munthu angaganize zoika pakhomo tingawagawe patatu.

Gulu loyamba ndi timakina ta pabenchi, tomwe anthu awiri amatinyamula bwinobwino. Chitsanzo chodziwika ndi X2 ya kampani ya Sieg ya ku Shanghai, yomwe imagulitsidwanso m'maina ena ambirimbiri. Kulemera kwake n'kongoposa pang'ono thumba limodzi la simenti. Tebulo lake limayenda masentimita pafupifupi 22 cham'mbali ndi masentimita 10 kutsogolo ndi kumbuyo. Mota yake njaing'ono, yosafika ngakhale hafu ya kilowati pa mitundu yambiri. Timadya bwino aluminiyamu, burasi ndi pulasitiki. Chitsulo timadyanso, koma monyenyanyenya, ngati mwana wongomera mano.

Gulu lachiwiri ndi lapakati, la makina olemera makilogalamu pakati pa 250 ndi 350. Awa adatchuka ndi kampani ya Rong Fu ya ku Taiwan, makamaka mitundu ya RF-30 ndi RF-45, ndipo makampani ambiri a ku China adatengera kapangidwe kake. Tebulo lake limayenda pafupifupi theka la mita cham'mbali ndi masentimita ngati 20 kutsogolo. Mota yake imakhala ya kilowati imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo ambiri amapezeka oyendera magetsi wamba a m'nyumba.

Gulu lachitatu ndi la a Bridgeport aja, oima okha pansi, otalika kuposa munthu, olemera pafupifupi tani imodzi. Tebulo lodziwika kwambiri ndi la mainchesi 9 m'lifupi ndi 42 m'litali, kutanthauza kupitirira mita imodzi, ndipo limayenda masentimita oposa 70 cham'mbali ndi 30 kutsogolo. Tebulo lonse limakwera ndi kutsika pa chitsulo chomwe amisiri amachitcha bondo. Nthawi zambiri mota yake imafuna magetsi a three phase, omwe m'nyumba zathu zambiri mulibe.

Kukula n'chiyani kwenikweni?

Wogulitsa akamakuonetsani makina amathamangira kukuuzani kutalika kwa tebulo ndi mphamvu ya mota. Inu musatengeke nazo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali zinthu zitatu zomwe muyenera kufunsa, ndipo ngati wogulitsayo sakuzidziwa, tengani tepi muyeze nokha.

Choyamba ndi mtunda womwe tebulo limayenda. Tebulo likhoza kukhala la masentimita 70 koma n'kumayenda 45 okha. Mpeni umasema pokhapo pomwe tebulo lafika. Ndiponso mpeni umafuna malo olowera ndi otulukira, choncho ngati mukusalaza chitsulo cha masentimita 40 ndi mpeni wa masentimita 5 m'mimba mwake, makina oyenda 40 ndendende sakukwanirani. Ulendo wa kutsogolo ndi kumbuyo ndiwo umatha msanga, ndipo ndiwo anthu amaiwala kufunsa.

Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa tebulo ndi kamwa logwira mpeni. Pa timakina tating'ono mpatawu siufika masentimita 30. Poyamba umaoneka wokwanira. Koma mukaikapo vayisi, masentimita ngati 8 apita. Mukamanga chogwirira choboolera ndi choboolera chake, ena 15 kapena kuposa apita. Ndiye chitsulo chomwe mukufuna kuboola chikhala pati? Anthu ambiri amazindikira zimenezi makina ali kale m'nyumba, risiti itatayika kalekale.

Chachitatu, chomwe chili chachikulu kuposa zonse, ndi kulemera. Posema, dzino lililonse la mpeni limamenya chitsulo ngati kasemasema. Makina opepuka amanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumasiya mizere pa ntchito, kumaphwanya mano a mpeni, kumasokoneza muyeso. Chomwe chimameza kunjenjemera ndi thupi lolemera la cast iron basi, palibe mankhwala ena. Kuika mota yaikulu pa kamakina kopepuka kuli ngati kumanga injini ya lole pa ngolo. Makina awiri akafanana mtengo, ine ndingasankhe olemerawo ngakhale mota yake itachepa.

Pa gulu lapakati lija palinso kanthu kena. Ena mutu wake umakwera pa mzati wobulungira, ena pa mzati wa ngodya zinayi wokhala ndi njanji. Pa wobulungira, mukamasula mutu kuti muukweze, umapotokera kumbali ndipo malo omwe mudayeza aja asokonekera, muyambenso kufunafuna. Pa wa ngodya zinayi mutu umakwera molunjika osataya malo. Wobulungira amatchipirapo, ndipo amisiri ochenjera amagwira nawo ntchito yabwino pokonzekera kutalika kwa mipeni yonse asadayambe. Koma kwa woyamba kumene, wa ngodya zinayi amachepetsa misozi.

Yambani ndi kope, osati ndi sitolo

Nayi njira yosalira ndalama. Musadapite kukaona makina, gulani kope la masamba 40 ndi tepi. Kwa mwezi wathunthu yendani kwa eni zigayo, kwa amakanika, kwa owotcherera, kwa okonza mijigo, kwa anyamata a kabaza. Afunseni: kodi ndi zitsulo ziti zomwe mumasowa pokasemetsa? Mumapita nazo kuti? Mumadikira masiku angati? Mumalipira zingati? Chitsulo chilichonse muchiyeze, mulembe. Safunsa adadya phula.

Pakutha pa mwezi kope lija likuuzani zoona zomwe wogulitsa sangakuuzeni. Muona ntchito zomwe zikubwerezabwereza. Tengani yaikulu mwa zobwerezazo, muonjezerepo gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye mwapeza ulendo wa tebulo womwe mukufuna. Musagule makina chifukwa cha ntchito imodzi yaikulu yomwe imabwera kamodzi pachaka. Imeneyo mukaipeza, kaiperekeni kwa anzanu a makina akulu ku Ginnery Corner kapena ku Kanengo, mudyepo yapamwamba, kasitomala akhalabe wanu.

Tiyeni tione zitsanzo ziwiri. Ntchito yofala m'matauni mwathu ndi ngalande ya kiyi. Muyeso wake ngodziwika: shafiti ya pakati pa mamilimita 22 ndi 30 imalandira kiyi wa mamilimita 8, ya pakati pa 30 ndi 38 imalandira wa 10, ya pakati pa 38 ndi 44 imalandira wa 12. Kamakina ka pabenchi kangathe kukumba ngalande ya mamilimita 8, koma kadutsa kambirimbiri, kakudya pang'onopang'ono, ndipo shafiti yaitali ya chigayo ilendewera kunja kwa tebulo n'kumalipendeketsa. Makina apakati ntchito yomweyo amaimaliza kasitomala akumwa thobwa panja.

Chitsanzo china ndi kusalaza mutu wa injini womwe wapindika ndi kutentha. Anyamata ambiri amalota ntchito imeneyi poti magalimoto ndi ambiri. Koma mutu wa injini ya masilinda anayi umatalika pafupifupi theka la mita, ndipo umafuna kusalala kwenikweni kuchokera nsonga ino kufika nsonga iyo. Ngakhale utakwana patebulo la makina apakati, ulendo wake siukwanira kuti mpeni ulowe ndi kutuluka. Imeneyo ndi ntchito ya makina akulu, ndipo makampani okonza mainjini ali ndi makina opangidwira zomwezo. Woyamba kumene asaiwerengere pa ndalama zobwezera ngongole.

Nyumba nayo ili ndi mawu

Tsono tibwere pakhomo. Khomo la nyumba wamba silifika mita imodzi m'lifupi. Kamakina ka pabenchi kalowa mosavuta. Apakati alowa mukawamasula mutu ndi tebulo, anthu anayi amphamvu ndi tcheni yokwezera. Koma a Bridgeport, abale, ndi nkhani ina. Amatalika kuposa mamita awiri, ndipo tebulo likamayenda uku ndi uku limafuna malo a mamita awiri ndi theka m'lifupi, osawerengera poima mmisiri. Amafuna galaja kapena shedi ya khomo lalikulu.

Pansi napo pamafunika kulingalira. Simenti yopyapyala ya nyumba za lendi, yomwe idathiridwa pa dothi losapondereza bwino, siingasenze tani imodzi osang'aluka. Pamafunika konkire yeniyeni ya masentimita 10 kapena kuposa. Ngakhale makina apakati amafuna choikapo cholimba chachitsulo chomangidwa pansi, osati tebulo lamatabwa lodyerapo nsima. Ndipo musaiwale kuti makina onsewa ngolemera kumutu. Powasuntha amagwa mosachenjeza. Amisiri amawakunkhuniza pa mapaipi achitsulo, mutu atautsitsa, pang'onopang'ono, ana onse atawathamangitsira kutali. Chitsulo cha makilogalamu 300 chikagwera mwendo, nkhani yake ikathera ku chipatala.

Ngati mukuchita lendi, funso lina nali: a landilodi akakuuzani kuti musamuke pakutha pa mwezi, makinawo muwanyamula bwanji? Munthu wosamukasamuka asagule chinthu chofuna kireni. Kambiranani ndi eni nyumba poyera, muwauzenso anansi za phokoso, ndipo ngati mukutsegula bizinesi, pitani ku khonsolo ya mzinda mukamve za chiphaso. Kuli bwino kumva ayi makina asadabwere kusiyana n'kumva ayi ali kale pakhonde.

Za magetsi

Magetsi a ESCOM a m'nyumba zathu ndi a single phase, mavoti 230. Soketi wamba ya mapini atatu imapirira ma ampu 13, kutanthauza pafupifupi makilowati atatu. Mota ya kilowati imodzi ndi theka iyenda, koma podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa poyenda, choncho pamafunika waya wake wokha kuchokera pa bokosi, woikidwa ndi katswiri wa magetsi, osati zolumikizalumikiza zodutsa pawindo. Mukafuna kugwiritsa jenereta nthawi ya kuzima kwa magetsi, ikhale yamphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu mphamvu ya motayo.

Kukokera three phase kunyumba ndi ndalama ina yapadera ndi kudikira kwake. Masiku ano kuli kabokosi kotchedwa VFD komwe kamalandira single phase n'kutulutsa three phase, kamathandizanso kusintha liwiro la mota. Koma samalani. Kabokosi wamba kolandira mavoti 230 kamatulutsanso 230 omwewo. Onani kachitsulo kolembedwa pa mota. Ngati palembedwa 230 ndi 400, katswiri akhoza kusintha malumikizidwe kuti iyende. Ngati ndi ya 400 yokha, mufunika njira ina yodulirapo.

Pali chinanso chomwe anzathu a ku Ulaya sachiganizira kwambiri koma ife chimatipweteka. Timakina tambiri tating'ono liwiro lake limayendetsedwa ndi kabolodi ka zamagetsi. Magetsi akamabwera mokwera ndi motsika, kabolodiko kamapsa, ndipo kena muchita kuitanitsa kunja. Mitundu ina ili ndi magiya apulasitiki m'mutu, omwe amathyoka mpeni ukakodwa. Pomwe makina a mota wamba ndi malamba, mota ikapsa aikulunganso mawaya m'tauni momwemo, lamba akaduka mugula m'sitolo ya zida za galimoto. Kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Mangochi, makina osavuta kukonza ndiwo makina abwino.

Poitanitsa kunja muonetsetsenso dziko lomwe makinawo adapangidwira. Opita ku America amakhala a mavoti 110 kapena 120, ndipo manambala a pa zogwirira amawerenga mainchesi. Ogulitsidwa ku South Africa magetsi ake ngofanana ndi athu, mungosintha pulagi, ndipo amawerenga mamilimita. Pa mtengo muonjezere ndalama ya thiraki yodutsa ku Beitbridge ndi ku Tete mpaka ku Mwanza, kapena ya sitima yofikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndi msonkho womwe muyenera kukafunsa ku MRA musadalipire kanthu. Katundu wolemera amakwereranso mtengo panjira.

Makina okha sasema

Apa ndiye pomwe ambiri amagwera chagada. Munthu amathira ndalama yonse pa makina, akafika nawo kunyumba n'kuzindikira kuti alibe mpeni, alibe vayisi, alibe choyezera. Amisiri akale amanena kuti zida zogwirira ntchito zimadya ndalama yofanana ndi ya makinawo, ndipo sanama kwenikweni. Mufunika vayisi yeniyeni ya milling, osati ija yowotcherera. Mufunika ma collet ogwira mipeni, zomangira chitsulo patebulo, mipeni ya miyeso ingapo, vernier, micrometer ndi wotchi yoyezera kupendekeka yomwe amati dial indicator. Makina akakula, zonsezi zimakulanso pamodzi ndi mitengo yake.

Funsaninso za kamwa logwira mpeni. Mitundu yofala ndi MT2, MT3, R8 ndi ISO 30 kapena 40, ndipo zida za mtundu wina sizilowa pa unzake. Makina akale a ku Ulaya ena ali ndi kamwa la mtundu wawowawo lomwe zida zake zidasiya kupangidwa. Mukawapeza otchipa, muyambe mwaona ngati zida zake zili pomwepo m'bokosi. Ngati mulibe, mwagula chipilala. Ngati muli kale ndi lathe ya MT3, kusankha milling ya MT3 kukupulumutsirani ndalama pa zida zina.

Liwiro nalo limagwirizana ndi kukula. Mpeni wamba wa HSS umadya chitsulo chofewa pa liwiro la mamita pafupifupi 30 pamphindi. Ndiye kuti mpeni wa mamilimita 10 uzungulire kokwana 950 pamphindi, pomwe wa mamilimita 50 uzungulire kosafika 200. Makina oyenera ntchito ya chitsulo azitha kutsika pansi pa 200 ali ndi mphamvu zake. Timakina tamagetsi tambiri tikatsitsidwa liwiro timafooka, mpeni waukulu ukangokhudza chitsulo taima. Magiya ndi malamba ndi omwe amapereka mphamvu pa liwiro lotsika.

Akale kapena atsopano?

Nthawi zina kampani ikatseka kapena ikagula zatsopano, makina akale amagulitsidwa pa okushoni. Mwayi ulipo ndithu, pakuti makina akulu akale osamalidwa bwino amaposa atsopano opepuka. Koma musapite nokha. Tengani mmisiri wachikulire, mumulipire tsiku lake. Yendetsani tebulo kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Ngati pakati likumasuka koma kumapeto likulimba, njanji zadyeka pakatipo, ndipo kuzikonza ndi ntchito yodula. Zungulizani chogwirira uku ndi uku muone mpata womwe chimayenda tebulo lisadasunthe. Mpata pang'ono ulipo pa makina aliwonse, koma ukayandikira milimita yathunthu ndiye kuti zadyeka.

Awayatse muwamve pa liwiro lililonse. Ikani wotchi yoyezera ija m'kamwa mwake muzungulize ndi dzanja. Muvi usasunthe kupitirira timizere tiwiri pa wotchi yowerenga magawo 100 a milimita. Yang'anani ming'alu pa thupi, makamaka pomwe papakidwa penti watsopano. Ndipo wogulitsa akati magetsi kulibe lero, ingolipirani mudzayesera kwanu, inu bwererani ndi ndalama yanu m'thumba. Mbuzi ya m'thumba sagula.

Ndiye tinene kuti chiyani?

Maganizo anga ndi awa. Mwana wasukulu wofuna kuzolowetsa manja, kapena munthu wokonza tinthu ting'onoting'ono ngati zida za makina osokera ndi maloko, kamakina ka pabenchi kamukwanira, bola adziwe kuti kadzamuchepera. Munthu yemwe ali ndi malo akeake, konkire yolimba, njira ya three phase ndi makasitomala odikira kale, agule akulu asaope, sadzanong'oneza bondo. Koma kwa ambiri a ife, oyamba kumene omwe tikufuna kuti makina abweze ngongole kuchokera pa zigayo, mijigo ndi njinga zamoto, apakati aja a makilogalamu 300, a mzati wa ngodya zinayi ndi mota wamba ya single phase, ndiwo saizi yake.

Alipo amene anganene kuti gula akulu omwe ungathe, poti makina akulu amagwira ntchito yaing'ono koma aang'ono sagwira yaikulu. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo amisiri a kunja amawakonda. Komatu iwo amanena ali ndi galaja, magetsi osazimazima ndi sitolo ya zida pakona. Kwathu kuno mawu oti omwe ungathe aphatikize khomo, pansi, magetsi, thiransipoti ndi mipeni. Mukawerengera zonsezo, mupeza kuti omwe mungathe ndi ocheperapo kusiyana ndi omwe mtima ukufuna.

Ndipo pali funso lina lomwe kope lija lingakuyankheni mosayembekezera. Mukaona kuti ntchito zambiri zomwe mwalemba ndi zobulungira, ma bush, mashafiti, mapini, mabawuti, ndiye kuti chomwe mukufuna poyamba ndi lathe. Milling ibwere pambuyo, lathe itaigula ndi thukuta lake. Palibe manyazi pamenepo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Kwa inu amalonda oitanitsa katundu, pempho langa n'lakuti musamangobweretsa makina okhaokha ngati mbuzi zopanda chingwe. Bweretsaninso mipeni, ma collet, malamba ndi mabolodi osinthira, ndipo muziuza ogula zoona za zomwe makinawo angathe ndi zomwe sangathe. Mnyamata yemwe mwamugulitsa choyenera adzabweranso mwezi ndi mwezi kudzagula mipeni. Yemwe mwamupusitsa adzakuipitsirani mbiri msika wonse.

Kwa inu ophunzira, makina akakhala pakhomo si choseweretsa. Magalasi oteteza maso muzivala nthawi zonse. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera ayi, pakuti mpeni ukagwira nsalu umakoka ndi dzanja lomwe. Zinyenyeswa muzichotsa ndi burashi makina ataima, ndipo shedi izikhala yokhoma kuti ana asakaponde tizitsulo takuthwa kapena kuyatsa swichi. Mukatero, tengani tepi ndi kope, muyambe mwayeza khomo lanu, kenaka mupite kwa mwini chigayo wapafupi mukamufunse komwe adakasemetsa shafiti yake ulendo watha, ndi masiku omwe chigayo chidakhala chosagaya.